Mfuti Imafuna Potsamira Pokhazikika

Mdzukulu wanga, popeza wasankha ntchito ya m'tchire m'malo mwa chilimira cha atate ako, khala pansi ndikuuze za kachipangizo kamene wakhala ukufunsa, ka miyendo iwiri kotsamiritsira mfuti, kamene alenje a masiku ano amati bipod. Ndalama zako ndi zochepa, ndipo ukufuna kopepuka. Palibe cholakwika pamenepo. Koma usanafunse mtengo, yamba wadzifunsa: ndidzawombera ndili pamalo otani, ndipo ndidzakhala nditagona, nditakhala pansi kapena nditaima? Yankho la funso limeneli ndi limene lidzakusankhire chogula.

Kuno ku Khuyu, ngakhale pachilumba chonse cha Likoma, kulibe nyama yosaka ndi mfuti. Pali midzi, minda ya chinangwa, malambe ndi ana osewera paliponse. Ntchito yako ili kutali ndi kwathu: kapena ndi nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, imene imaitanidwa ng'ona kapena mvuu ikasautsa asodzi, kapena kutsidya ku Mozambique, kuseri kwa mapiri a Cobué, ku nkhalango yaikulu ya Niassa, ya makilomita oposa 40,000 mbali zonse, komwe kuli madera ena osakamo ndi chilolezo. Konseko mfuti imayenda ndi mapepala. Kuno kwathu chilolezo cha mfuti chimachokera ku polisi, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limatha kumanga munthu mpaka zaka 30 chifukwa chopha nyama yotetezedwa. Usadzayerekeze kuwolotsa mfuti pabwato kupita ku Mozambique popanda zikalata, ngakhale mtunda uoneke pafupi chotani. Nkhotakota inali ndi njovu zoposa 1,500, opha mozemba anazitha mpaka kutsala zosakwana 100, ndipo panafunika kusamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017 kuti nkhalango ija idzukenso. Iwe ukhale wa gulu losunga, osati lomaliza.

Tsono za kachipangizoko. Mphika sukhala pa mafuwa awiri, umafuna atatu. Miyendo iwiri ya bipod imagwira kutsogolo kokha, ndipo fuwa lachitatu ndi phewa lako. Phewa likamagwedera chifukwa cha phuma kapena wefuwefu wa ulendo, ngakhale chitsulo chodula chotani sichingakupulumutse. Ugonere bwino kumbuyo kwa mfuti, dzanja lamanzere lichirikize tsinde lake pafupi ndi phewa, ukankhire thupi kutsogolo pang'ono kuti miyendo ija ilimbe pansi, upume, kenako uwombere.

Zambiri zimene udzaone m'masitolo a ku Lilongwe kapena zimene abale amatumiza kuchokera ku Johannesburg zinatengera kapangidwe ka Harris, kampani ya ku America. Zilipo zazifupi, za mainchesi 6 mpaka 9, ndi zotalikirapo, za mainchesi 9 mpaka 13. Zazifupizo zimakoma patebulo poyesera mfuti, koma kutchire udzu wofika m'mawondo wokha umakutsekera maso. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha, tenga cha 9 mpaka 13. Kulemera kwake kumakhala pakati pa magalamu 300 ndi 400. Magpul amapanga zina za pulasitiki yolimba, zopepukirapo, ndipo ziliponso zodula kwambiri zopepuka ngati nthenga, zimene thumba lako silingazifikire panopa. Usadandaule nazo. Magalamu 100 sangakuthyole msana, pomwe miyendo yogwedera ingakutayitse nyama.

Chotsika mtengo si chamanyazi, bola uchiyese ndi manja ako. Tambasula miyendo yonse mpaka kumapeto, uchiike pansi, uchikanikize ndi chikhatho. Mwendo ukabwerera m'kati wokha, chibweze pomwepo. Chigwedeze pafupi ndi khutu lako. Ngati chikulira kwetekwete, dziwa kuti mphalapala idzachimva iwe usanaione. Yang'ana masipuling'i ngati ali olimba, ndi bawuti yomangira ngati ili ya chitsulo chenicheni, chifukwa zachinyengo zambiri zimafera pamenepo: mano a bawuti amadyeka, ndipo chinthu chimayamba kuvina pansi pa mfuti. Funanso chimene mutu wake umapendekeka uku ndi uku. Pansi pa tchire si posalala ngati pabwalo la tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela. Mwendo wina ukaponda mwala wina m'dzenje, mfuti imapendama, ndipo chipolopolo chimapita pambali. Kumbukira kuti katundu wobwera pa sitima ya Ilala sabwezedwa msanga kwa wogulitsa, choncho ukatuma munthu, umuuze mayeso onsewa, asakugulire chifukwa cha kukongola kwa bokosi.

Onanso mmene chimamangikira. Mfuti zambiri zosakira zili ndi kachitsulo komangirira lamba pansi pa thabwa lakutsogolo, ndipo bipod ya mtundu wa Harris imagwira pomwepo. Zina zimafuna kanjanji kotchedwa Picatinny, kamene mfuti yako mwina ilibe. Pewa chilichonse chomangidwa pampope weniweni wa mfuti. Mpope umanjenjemera chipolopolo chikamatuluka, ndipo ukaupanikiza ndi chitsulo, chipolopolo chimasintha kolowera. Ukamanga bipod yatsopano, pita kaye koyesera kovomerezeka, uwombere pepala, uone ngati zipolopolo zikugwerabe pamene zinkagwera kale. Pathanthwe louma mfuti imadumpha, choncho yala chipewa kapena thumba pansi pa miyendoyo.

Koma tsopano tchera khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. M'nkhalango ya miombo ndi m'madambo, tsekera amatalika kuposa munthu, ndipo lupsa lisanadutse, sungagone pansi n'kuona kanthu. N'chifukwa chake alenje odziwa ntchito m'chigawo chino cha Africa amayenda ndi ndodo zitatu zotsamiritsira mfuti ataimirira. Ungathe kudzipangira wekha lero lomwe. Dula nsungwi zitatu zowongoka, zouma bwino, zonenepa ngati chala chachikulu, zofika pachibwano chako. Uzimange pamodzi ndi malegeni a chubu cha njinga, chikhatho chimodzi kuchokera kumtunda. Ukazitambasula, pamwamba pamatseguka kamphanda, ndipo mfuti imagona mmenemo. Ukulungenso malegeni pamphandapo kuti thabwa lisakalike komanso pasamveke phokoso. Ukafuna kutsitsa, tambasula miyendo kwambiri. Ukafuna kukweza, ifupikitse pamodzi. Sizichita dzimbiri, zikathyoka umadula zina, ndipo poyenda zimakhala ndodo yako.

Palinso chifukwa china. Mfuti zazikulu zowombera mvuu ndi njati, monga .375 H&H imene inayamba kupangidwa mu 1912, zimabwerera m'mbuyo mwamphamvu. Ukawombera utagona, thupi lilibe kothawira, nkhonya yonse imathera pafupa la phewa, ndipo galasi loyang'anira lingakung'ambe pachikope. Ukaima pa ndodo, thupi limawerama ndi kulandira mphamvuyo. Bipod imaonetsa ubwino wake pa ntchito ngati ya ng'ona yoothera dzuwa pamchenga, pamene mlenje amakwawa, n'kugona, n'kudikira nthawi yaitali, chifukwa ubongo wa ng'ona ndi waung'ono kwambiri ndipo kuphonya pang'ono kumaibwezera m'madzi. Pamenepo ndi pamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usaone ngati ndikukuchulukitsira mawu pa kanthu kakang'ono. Iwe wakulira m'mbali mwa nyanja, ukudziwa kuti asodzi a usipa amachezera usiku wonse pamadzi ndi nyale zawo, ndipo amayi amatsuka mbale ndi kuchapa m'mphepete m'mawa uliwonse. Mvuu yovulazidwa imasanduka yolusa, imagubuduza mabwato a anthu amene sanaiputepo. Ng'ona yolasidwa molakwika imachenjera, osaonekanso masana, koma imakhalabe pomwepo. Njati yovulala imabisala m'tsekera kudikira wolondola mapazi ake, amene kawirikawiri ndi mnyamata wonga iwe. Chipolopolo choyamba chikalakwika, amalipira ndi ena. Potsamira pabwino ndi chifundo kwa nyama, komanso chitetezo kwa mudzi.

Ukachigula, uchisamale. Chinyezi cha kunyanja ndi thukuta zimadya masipuling'i, ndipo mchenga umalowa m'miyendo n'kuikanikiza. Madzulo aliwonse uchipukute ndi kansalu, upake kadontho ka mafuta, osachulutsa, pakuti mafuta ambiri amaitana mchenga. M'mawa usananyamuke, gwira bawuti uone ngati yalimba. Pomanga kapena pomasula, chotsa kaye zipolopolo zonse, ndipo kamwa la mfuti liloze kopanda munthu.

Choncho ndalama zako uzigawe motere: yamba ndi nsungwi ndi malegeni, zimene sizikudyera kanthu. Kenako ugule bipod yapakatikati, yopendekeka mutu, imene wayesa ndi manja ako. Zotsalazo usungire zipolopolo zophunzirira pamaso pa akuluakulu a ntchito yako, mpaka atakhutira kuti dzanja lako lakhazikika. Ndipo tsiku limene udzaone kuti potsamira sipali bwino, kapena sukuona chimene chili kuseri kwa nyamayo, tsitsa mfuti, uisiye ipite. Udzabwerera kumsasa chimanjamanja, koma palibe banja limene lidzalire chifukwa cha iwe.