Keke ya M'buku Ndi ya Yani?

Kodi munthu akaphika keke potsatira buku, alendo namuyamikira kuti ali ndi dzanja, aulule kapena angomwetulira? Ena amati kungomwetulirako ndi kuba. Ine ndikukana.

Buku limanena zake: makapu awiri a fulawa, mazira atatu, uvuni pa madigiri 180. Koma buku silidziwa mbaula. Silidziwa kuti magetsi athima keke isanatupe, mayi n'kusamutsira zonse m'poto, makala pansi, ena pachivindikiro, monga amaphikira chikondamoyo. Nzeru imeneyo ili m'manja, osati papepala ayi. Choncho chiyamikirocho n'chake ndithu, asachite nacho manyazi.

Ndiponso wolemba buku naye adachita kupatsidwa. The Malawi Cookbook, buku lomwe lidatuluka mu 1974, lili ndi kakazingidwe ka ngumbi, koma amene adayamba kukazinga ngumbi dzina lake palibe akulidziwa. Tonsefe timaphika ndi nzeru zobwereka.

Wakuba weniweni, m'mene ndikuonera ine, ndi uja ukamufunsa kuti, "Mwaikamo chiyani, achemwali?" amayankha kuti n'chinsinsi, kapena amakuuza zonse n'kusiyako soda dala kuti yako iume gwa ngati njerwa. Iye adalandira ulere, koma mnzake akumutsekera chitseko.

Ngongole ya kaphikidwe sitibweza kwa wolemba buku. Timabweza kwa mnansi amene wagogoda pakhomo atanyamula pensulo ndi kapepala. Paja akuluakulu adati kupatsa n'kuika.