Nyumba imayamba kudwala kumapazi

Masiku ano mukamanga nyumba, maso anu amathamangira ku malata amtundu, penti ndi matailosi. Ndikamayenda muno mu Chipata, ku Kapata, ku Mchini kapena ku Magazine ndimaona nyumba zowala bwino, koma ndikawerama kuyang'ana m'munsi mwa khoma ndimapeza mng'alu wolowa chala. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba imayamba kudwala kumapazi, ndipo mwini wake akazolowera kuwerama, amaipulumutsa ndi ndalama zochepa.

Ine zimenezi ndinaphunzira pansi pa nkhokwe. Bambo anga ankayala miyala ikuluikulu, pamwamba pake n'kugoneka mitanda ya muwanga, mtengo umene chiswe chimaulephera, kenako n'kukhazika nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi. Mphepo inkadutsa kunsi, chinyezi osafika ku chimanga. Chaka chilichonse tisanakolole ankandikwawitsa pansi pake, mpeni uli m'manja, kuti ndibaye mtanda uliwonse. Mpeni ukangolowa ngati m'dzungu lophika, tinkadziwa kuti mtandawo watha m'kati ngakhale kunja ukuoneka wamoyo. Mwala umodzi ukatitimira, nkhokwe yonse inkapendekeka, mitanda ina n'kusenza katundu wa inzake. Tinkaitukula ndi mtengo wautali, kufukula dothi lofewalo, kuthira timiyala, kusinja, ndi kubwezera mwalawo. Nyumba yokhala pa zipilala, khonde la nsanamira, ngakhale nsanja ya thanki ya madzi, zonse zimamvera lamulo lomweli.

Dziwani kaye dothi limene mwamangapo. Chipata wathu ali m'chigwa, mapiri amuzinga. Chikhalireni mzinda mu 2017, malo akusowa, ndipo anthu akukwera m'mphepete mwa mapiri ngati Kanjala, ena akutsikira kumadambo kufupi ndi mtsinje wa Lunkhwakwa. Kumtunda, madzi amatsika ndi liwiro n'kukokolola dothi la m'mbali mwa maziko. Kudambo kuli makande, dothi lakuda lija limene limafufuma mvula ikagwa kuyambira Novembala, ndipo likauma mu Okutobala limanyala n'kung'ambika. Maziko osaya amakwera ndi kutsika nalo limodzi chaka ndi chaka, mpaka njerwa zimatopa.

Nyumba ikayamba kudwala imalankhula. Chitseko chimene chinkatsekeka bwino chimayamba kukhula pansi. Mng'alu umachoka pangodya ya zenera n'kumatsika ngati masitepe, kutsata mizere ya njerwa. Mukagogoda simenti ya pansi ndi mpini wa khasu, pena pamamveka ngati ng'oma, kusonyeza kuti kunsi kwachita mphako. Botolo mukaligoneka limagubuduka lokha kulowera mbali imodzi. Pulasitala wa m'munsi amatuwa n'kumanyenyeka. Pa chipilala pamakwera timisewu ta dothi tokhala ngati mitsempha: chimenecho ndi chiswe, chikupita ku matabwa anu.

Mukaona mng'alu musathamangire simenti. Tengani pensulo, lembani kamzere pamene wathera, ndi tsiku lake pambali. Mudzauyang'anenso mwambo wa Nc'wala ukadutsa kumapeto kwa Febuluwale, nthaka itakhuta madzi, ndiponso dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala. Ukakhala pomwepo, matani mtima uli pansi. Ukadutsa kamzere kaja, vuto lili kunsi ndipo likuyendabe.

Apa ndiulule kulakwa kwanga. Nyumba yanga yoyamba inang'ambika pangodya ya kuchipinda kwa ana. Zaka zitatu zotsatizana ndinkamata mng'aluwo Khirisimasi ikayandikira, n'kupaka laimu kuti alendo aone nyumba yoyera. Sindinafunse chimene chikuung'amba. Chikhalirecho madzi onse a padenga ankagwera pangodya yomweyo, n'kumafewetsa dothi la kunsi. Chaka chachinayi, usiku wina mvula ikugwa, tinamva phokoso. M'mawa tinapeza khoma latsamira kunja, kuwala kukulowa pakati pa njerwa. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndimangenso. Ngalande imene ndikanakumba tsiku limodzi ndi khasu langa ikanasunga ng'ombezo m'khola, ndipo ana anga sakanagona zaka zitatu pansi pa khoma loti likanawapsinja.

N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi madzi. Dothi lozungulira nyumba likhale lotsetserekera kunja. Ikani magatala, ndipo madzi ake akatayikire kutali kapena alowe m'mgolo. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba. Madzi a kubafa ndi otsukira mbale asamathere m'munsi mwa khoma, ndipo paipi yodontha ikonzedwe sabata yomweyo. Bulugamu ndi mango musabzale pafupi ndi maziko. Mizu yake imamwa madzi a m'makande, dothi n'kunyala mbali imodzi.

Chipilala chikatitimira, tukulani mtanda ndi jeke ya galimoto, pang'onopang'ono, tsiku lililonse kanthu kochepa, chifukwa mukakweza kamodzi khoma lidzang'ambika pena. Musalowetse mutu kapena dzanja pansi pa katundu wodalira jeke yokha. Chirikizani kaye ndi mabuloko. Kumbani mpaka mufike padothi lolimba. Konkire ya maziko ikhale muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala, ndipo muziithirira madzi masiku asanu ndi awiri isanasenze kanthu. Pakati pa chipilala ndi mtanda ikani kachidutswa ka lata kotulukira m'mbali, kuti chiswe chikafuna kudutsa chionekere. Thabwa lisakhudze dothi, ndipo kunsi kwa nyumba musasungeko nkhuni kapena makatoni, poti kumeneko n'kuitanira chiswe chakudya.

Koma mng'alu ukafika polowa chala, kapena khoma likayamba kutsamira, tulutsani ana m'chipindamo tsiku lomwelo, mukaitane mmisiri wodziwa kapena injiniya. Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri akakuuzani kuti angomata n'kupenta osayang'ana kunsi, mufunefune wina.

Chaka chino mvula isanayambe, tengani mpeni, pensulo ndi tochi, muzungulire nyumba yanu mutawerama. Mutengenso mwana wanu, mumupatse mpeniwo kuti abaye mtanda yekha, monga anandichitira bambo anga. Akamva kusiyana kwa mtengo wamoyo ndi wodyedwa m'dzanja lake, sadzaiwala, ndipo nyumba imene adzamange ikadzayamba kudwala, adzaimva msanga.