Kudziwa Malamulo a Chiarabu ndi Kutha Kuchilemba

Achinyamata a ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Nkhotakota amene, atakulira m'madrasa naloweza masura a Qur'an pamapazi pa mashehe awo, amapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku al-Azhar mumzinda wa Cairo kapena ku Madina, amanyamuka ali ndi chuma chosasowa kuchitira umboni: lilime lozolowera kale zilembo zovuta zotulukira kukhosi, ndi makutu odziwa kukoma kwa chinenerocho. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'koyenera ndithu kuti apite. Koma tsiku limene mphunzitsi wa pa yunivesite awapatsa pepala loyera, nanena kuti alembepo maganizo awoawo, ndi pamene zimaonekera poyera kuti kuwerenga mokweza zolemba za ena ndi kulemba za mumtima mwako ndi ntchito ziwiri zotalikirana.

Zilembo 28 za Chiarabu, zoyenda kuchokera kudzanja lamanja kumka kumanzere, mwana amazigonjetsa akadali wamng'ono, choncho sitichedwapo. Msampha uli pena. M'Qur'an imene anakula nayo, tizizindikiro tonse totsogolera katchulidwe, monga fatha, kasra ndi damma, tinaikidwamo kale. Pamene m'nyuzi ndi m'mabuku a akuluakulu tizizindikiro timeneti kawirikawiri mulibe, kotero kuti munthu ayenera kudzidziwira yekha amene wachita ndi amene wachitiridwa. Polemba, kusadziwa kumeneku kumabisala kwa kanthawi, kenaka n'kuwululika pa mawu ena amene sabisa kanthu. Dzina la Abu Bakr, limene Msilamu aliyense amalidziwa, limasanduka Aba Bakr ngati iye ndiye wachitiridwa chinthu, limasandukanso Abi Bakr likatsatira mawu onga akuti "kwa". Ndipo wophunzira amene anayankha bwino lamulo limeneli pa mayeso amapezeka atalemba Abu paliponse m'kalata yake. Chimodzimodzinso ndi lamulo lakuti zinthu zambiri zosakhala anthu zimatengedwa ngati chinthu chimodzi chachikazi, kapena lija la manambala oyambira 3 kulekeza 10, amene amavala chizindikiro chachikazi powerengera zinthu zachimuna.

Mankhwala amene makolo a maphunziro anatisiyira ndiwo kuloweza. Kabuku ka Ajurrumiyya, kolembedwa ndi Ibn Ajurrum wa ku Fez amene anamwalira mu 1323, ndi Alfiyya ya Ibn Malik, imene inamanga malamulo a galamala m'mizere ya ndakatulo pafupifupi 1,000, zalera mibadwo ya ophunzira, ndipo ine sindingayerekeze kuzinyoza. Komatu ngozi yake anaiona kale Ibn Khaldun, amene m'buku lake la Muqaddima, lolembedwa mu 1377, anasiyanitsa kudziwa malamulo a chinenero ndi kukhala nacho chinenerocho ngati chizolowezi cha lilime ndi dzanja. Iye anafanizira katswiri wa malamulo okhaokha ndi munthu amene angathe kulongosola mwatsatanetsatane kalowetsedwe ka ulusi pa singano ndi kayendedwe kake pa nsalu, koma pomupatsa singanoyo kuti asoke, manja ake n'kulephera. Anayamikiranso Sibawayh, mbadwa ya ku Persia imene inaphunzira ku Basra, chifukwa chakuti buku lake lalikulu la galamala silinaumire pa malamulo okha, koma linadzaza ndi miyambi, ndakatulo ndi zonena za Aarabu eni ake.

Alipo ena amene, poona zimenezi, amati galamala itayidwe, wophunzira angolowa mumsika nalankhula ndi anthu. Awa ndikutsutsana nawo, pakuti Chiarabu cha m'misewu ya Cairo chinasiya kale mathero osinthasintha a mawu, onga aja a Abu, Aba ndi Abi, ndipo amene achitola bwino adzagula nacho mkate ndi kukwera basi, koma sadzalemba nacho nkhani yoti aphunzitsi ake ailandire.

Chimene chikusoweka, monga ndionera ine, ndicho kulemba kosalekeza kuyambira chaka choyamba: kalata yopita kwa makolo, mbiri ya mudzi wakwawo, chidule cha mutu umene wawerenga, zonsezo mphunzitsi nazichonga ndi kuzibweza kuti zilembedwenso, kuti lamulo lililonse lifike panthawi imene wophunzira walifuna chifukwa chiganizo chake chakodwa. Ambiri amazemba ntchito imeneyi poopa kusekedwa, popeza kwawo ankatchedwa kale odziwa Chiarabu, kuiwala kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo mwana wolankhula Chichewa kapena Chiyao, amene chibadwire sanalakwitsepo kusiyanitsa "buku latsopano" ndi "mabuku atsopano", ali nawo kale mutu womva mgwirizano wa mawu, akangopeza womusonyeza pamene zinenerozi zikufanana ndi pamene zapatukana.

Kuchonga makope a kalasi yodzaza ndi mtolo wolemera, ndipo aphunzitsi a kutaliko sangausenze okha. N'chifukwa chake ndikupempha mashehe ndi amwalimu athu, amene ana awa amayambira m'manja mwawo, kuti pambali pa kuloweza apatuleko nthawi mlungu uliwonse yoti ana azilemba zimene akuwawerengera, ndiponso ziganizo ziwiri zitatu zopeka okha, asanafike msinkhu wokwera ndege.