Pemphero la Mapapo Athu

Mulungu Atate, Namalenga, Mwini moyo, tagwada pamaso panu kukuthokozani chifukwa cha mpweya umene tikupumawu, umene kawirikawiri sitiukumbuka mpaka utayamba kusowa.

Munatiumba mwaluso, Ambuye. Pansi pa mapapo munayala mnofu wotambalala. Ukatsika, nthiti n'kutukuka, chifuwa chimakula ndipo mpweya umalowa wokha. Ukamasuka, mpweya umatuluka, ngati mvukuto wa mmisiri wosula makasu. Tili m'tulo kapena tili kudimba, sudikira kuti tiuuze. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, ndipo ulendo uliwonse amakoka mpweya wokwana pafupifupi theka la lita. Mapapo a bambo wamkulu amatha kusunga malita ngati 6, ndipo ngakhale auzire kunja mpaka mphamvu kutha, mpweya woposa lita imodzi umatsalabe m'kati kuti timatumba ta m'mapapo tisaphwe. Zonsezi sitinazipemphe. Munangotipatsa, ndipo tikuti zikomo.

Tikuyamikanso nzeru zimene munapatsa anthu zoyezera mphamvu ya mapapo. Mu 1846 John Hutchinson wa ku England anafotokoza chipangizo chake chotchedwa spirometer, ndipo mpaka lero madokotala akuchidalira. Wodwala amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, amatsekedwa mphuno, amavumata kachubu n'kuuzira ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi 6 kapena kuposerapo, namwino akumulimbikitsa kuti asaleke. Mapapo abwino amatulutsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mpweyawo m'sekondi yoyamba yokha. Njira zampweya zikapanikizika ndi mphumu kapena utsi, manambala amatsika, ndipo matenda amene amabisala amaonekera. Komatu chipangizochi n'chosowa m'zipatala zambiri zakumidzi kwathu, ndipo anthu ambiri amangouzidwa kuti ndi chifuwa wamba. Tsegulani njira, Atate, kuti chifike kumene kuli odwala.

Tikupereka m'manja mwanu agogo ndi abambo athu amene anapita ku Joni kudzera m'mabungwe a Wenela ndi Theba. Anakumba golide pansi penipeni pa nthaka, fumbi la miyala likulowa m'chifuwa tsiku ndi tsiku, mpaka mapapo anauma ndi zipsera zimene mankhwala sangazichotse. Ena anabwerako ndi chifuwa chachikulu. Lero kamtunda kakang'ono kamawachititsa befu, ndipo khasu analisiya kalekale. Kuli bungwe la Tshiamiso Trust ku South Africa lopereka chipukuta misozi kwa amene anadwala chonchi m'migodi ya golide, ndipo kuti munthu wamoyo alandire, mapapo ake ayenera kuyezedwa. Ambiri akalamba, Ambuye, ndipo makalata awo a kumgodi anatayika. Tikupempha kuti ayezedwe akadali ndi moyo, alandire zowayenera, ndi kuti amasiye awo asaiwalike.

Kumbukirani amayi amene amaphika m'makhitchini odzaza utsi wa nkhuni, mwana ali kumsana akupuma utsi womwewo. Kumbukirani ana ogwidwa ndi chibayo. Dalitsani maso a alangizi a zaumoyo pamene akuwerenga kapumidwe ka mwana: ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ka 40 kapena kuposerapo kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndiye kuti zinthu sizili bwino. Apatseni mtima wosazengereza, ndipo galimoto yopita kuchipatala ipezeke msanga.

Sitinaiwale maliro a chaka cha 2021, pamene Covid-19 inachititsa kuti mpweya wa okosijeni usowe m'zipatala. Tonthozani amene akulirabe. Limbitsani amene akulimbana n'kusiya fodya. Kwa atsogoleri athu perekani mtima woika ndalama pa okosijeni, pa mankhwala a mphumu ndi a TB, ndi pa zipangizo zoyezera mapapo.

Timvereni, Atate, m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.