Kodi Chololedwa Chilibe Malire?

Madzi otsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi, kuno ku Fort Lister, amakathera m'nyanja ya Chilwa. Kumeneko nsomba zikasowa, monga zidachitikira nyanjayi itaphwa mu 1995, anthu amadalira mbalame za m'madambo. Tsopano nyengo yosaka yayandikiranso. Misampha ndi ulimbo zakonzeka.

Sharia imatilola kusaka pofuna ndiwo, malinga titchule dzina la Allah ndi kuzinga mbalame yokodwayo isanafe. Koma wogwira mbalame yofungatira mazira wapha ndi anapiye omwe, wadyeratu ndiwo za chaka chamawa. Njala ya mlenje sitingaichepse. Komabe Allah adatiika padziko kukhala akhalifa: asungi, osati eni. Tidikire kaye anapiye auluke, pakuti ana a mlenjeyo nawonso adzafuna ndiwo.