Kodi Kudekha ndi Kuzengereza N'cimodzi?

Akulu anati, "Zengerezu analinda kwaukwau." Koma akulu omwewo anatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono acinyamata anzanga, tidzadziwa bwanji ngati tili kudekha kapena tili kuzengereza?

Taonani alimi awiri a kuno kwa Kakumbi. Woyamba, mvula yoyamba ya mu Novembala ikagwa, sathamangira kubzala cimanga, pakuti adziwa kuti dzuwa la m'cigwa ca Luangwa lingaoche mbewu nthaka isanakhute madzi. Waciwiri sanamwete udzu wofolerera nyumba mu Juni, ndipo Okutobala watha munda uli wosasosa. Mukamfunsa, yankho lake ndi "mawa." Kusiyana kwao ndi uku: wodekha angachule cimene ali kuyembekeza, koma wozengereza alibe coti achule.

Ambiri aganiza kuti kuzengereza ndi ulesi cabe. Si nthawi zonse. Wophunzira amene aopa masamu angasese bwalo lonse ndi kukonza njinga, malinga asatsegule bukulo. Iye sathawa nchito ai, athawa mantha a kulephera. Akati "mawa," mtima upepuka pang'ono, ndipo kupepukako ndiko kumene kumzoloweza kuzengerezanso.

Nanga kodi n'kulakwa, poti nthawiyo ndi yanga? Inde, cifukwa ngongole ya wozengereza amalipira ndi ena. Tsindwi likadontha, onyowa ndi amai ndi ana. Msasa wolonderamo munda ukacedwa kumangidwa, njobvu zimatha cimanga ca banja lonse usiku umodzi. Mwana wa malungo akagonekedwa masiku atatu osapita naye ku kiliniki, "mawa" lija lingasanduke maliro. Mtsinje nawo sudikira munthu: onse amene anaona cigumula ca mu Febuluwale 2007 adziwa m'mene madzi a Luangwa amakwerera msanga.

Ticitenji tsono? Coyamba, cepetsani nchitoyo kufikira italeka kuopsa. Musati "ndidzawerenga buku lonse," koma "ndiyankha mafunso atatu." Caciwiri, ipatseni tsiku, ola ndi malo, pakuti "mawa" silipezeka pa kalendala. Cacitatu, uzani mnzanu wa m'gulu la acinyamata kuti akakufunseni pa Sondo ngati mwacita. Ndipo musayembekeze kuti mtima uyambe wafuna. Kawirikawiri cifuniro cimabwera khasu litalowa kale m'nthaka.

Pamsonkhano wanu wa mlungu uno, aliyense achule nchito imodzi imene wakhala akuikankhira kutsogolo, ndipo ayankhe funso ili poyera: "Kodi ndili kuyembekeza ciani?" Ngati yankho lilipo, dekhani. Ngati palibe, nyamukani lero lomwe.