Sukulu Yosaphunzitsa ndi Funso la Woyankha Mlandu

Sukulu imene ana amapitako chaka ndi chaka n'kutulukako osadziwa kuwerenga imadzutsa funso lakale la chilungamo: ntchito ikalephereka, woyankha mlandu ndani, ndipo chilango chigwere yani? M'mayiko ena yankho lakhala kutseka sukuluyo. Njirayi inakula kwambiri ku United States, kumene dera la Minnesota linakhazikitsa lamulo la sukulu zotchedwa charter mu 1991. Sukulu zimenezi zimalandira ndalama za boma koma zimayendetsedwa ndi mabungwe kapena magulu a anthu, pa pangano la zaka zowerengeka. Oziyendetsa amapatsidwa ufulu wosankha aphunzitsi ndi kaphunzitsidwe, ndipo iwo amavomera kuti ana akapanda kuphunzira, pangano lithe ndipo sukulu itsekedwe. Maganizo ake ndi omveka: wopatsidwa munda ndi khasu azionetsa zokolola.

Panganoli limatsamira pa chinthu chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri, choti pafupi pali sukulu ina yabwinopo yolandira anawo. Ngakhale ku America komweko sizikhala choncho nthawi zonse. Kafukufuku amene bungwe la CREDO la pa yunivesite ya Stanford linatulutsa mu 2017 anapeza kuti ana osamukira ku sukulu zabwinopo anapinduladi, koma amene anapeza mwayi woterewu sanakwane theka la ana a sukulu zotsekedwazo.

M'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, funsoli limaoneka mwa mtundu wina. Kumeneku ndi kumapiri, kwa alimi a chimanga, mbatatesi, tirigu ndi fodya, ndipo midzi yambiri ili kutali ndi likulu la Tsangano kapena Furancungo, likulu la Macanga. Mwana wa kumudzi wa ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame nthawi zambiri amakhala ndi sukulu imodzi yokha imene miyendo yake ingafikeko, makamaka m'dzinja mitsinje ikadzaza. Sukulu za charter kulibe. Zofanana nazo pang'ono ndi zimene m'Chipwitikizi amati escolas comunitárias, zoyendetsedwa ndi mipingo kapena magulu a anthu mogwirizana ndi boma, monga sekondale ya Inácio de Loyola imene ansembe a Chijezuiti amayendetsa ku Msaladzi m'boma la Tsangano. Koma ana ochuluka amaphunzira m'sukulu za boma, ndipo kwa iwo sukulu ikatsekedwa ndiye kuti maphunziro athera pomwepo. Zotsala ndi kulishya ng'ombe, ganyu ya m'minda ya fodya, ndipo kwa atsikana ambiri, ukwati wa ubwana.

Derali likudziwa kale kutsekedwa kwa sukulu. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mphatso, kumapiri a Angónia, mu 1909, koma boma la Apwitikizi linawatsekera ntchitoyo mu 1922. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican linaika maphunziro a ana a eni dziko m'manja mwa mishoni za Chikatolika, ndipo mishoni ya Fonte Boa, imene lero ili m'boma la Tsangano, ndi ya nyengo imeneyo. Pa 24 Julaye 1975, patangotha mwezi umodzi dziko litalandira ufulu, boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse kukhala za boma, pa nthawi imene anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kenaka inabwera nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. Sukulu zambiri za kumidzi zinatenthedwa kapena kusiyidwa, mabanja anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okotobala 1992. M'chaka chomwecho lamulo la maphunziro la nambala 6/92 linatsimikiza kuti mipingo ndi anthu wamba angathenso kuyendetsa sukulu. Pa kusintha konseku chifukwa chinali ndale, chipembedzo kapena mfuti. Funso loti kodi mwana akuphunzira silinali pamwamba, ndipo mtengo wa zonsezi anaulipira ndi mwanayo.

Masiku ano kuli kutsekedwa kwina kumene sikulembedwa m'kaundula aliyense. Mu 2014 Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inachita kafukufuku m'sukulu za pulayimale za ku Mozambique pozifikira mosadziwitsa. Anapeza kuti aphunzitsi 45 pa 100 alionse sanali pasukulu, aphunzitsi aakulu 44 pa 100 nawonso kunalibe, ndipo ana oposa theka sanabwere. Mayeso a dziko lonse a mu 2016 anaonetsa kuti mwa ana a kalasi yachitatu, osakwana 5 pa 100 ndiwo ankawerenga pa mlingo woyenera kalasiyo. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, osati za maboma awiriwa paokha, koma zimafotokoza chinthu chimene makolo a kumudzi amachidziwa bwino: mbendera ikhoza kukwezedwa m'mawa, belu n'kulira, ana n'kukhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa litafika paliwombo, sukuluyo ili yotsekedwa kale ngakhale chitseko chili chotsekula.

Apa m'pamene pagona nkhani. Munthu amafunsidwa za chimene anapatsidwa, ndipo kuyankha mlandu kumayenera kutsata mphamvu. Mphunzitsi ali ndi mphamvu pa kubwera kwake kuntchito ndi pa kukonzekera phunziro, ndiye pa zimenezi ayenera kufunsidwa mosanyengerera. Alibe mphamvu pa kuchuluka kwa ana m'kalasi, pa kuchedwa kwa mabuku, pa kusowa kwa nyumba yogona pafupi ndi sukulu, kapena pa malipiro a maola owonjezera amene aphunzitsi m'dzikomo akhala akudandaula kuti salipidwa m'nthawi yake. Zimenezi zili m'manja mwa ofesi ya maphunziro ya boma laling'ono, ya chigawo, ndi unduna ku Maputo. Dongosolo limene limaweruza wapansi yekha, wapamwamba osafunsidwa kanthu, limaphwanya chilungamo ngakhale litakhala ndi ziwerengero zolondola. Ndipo mwa onse okhudzidwa, amene alibe mphamvu iliyonse ndi mwana. Chilango chimene chimagwera iye poyamba sichingatchedwe kuyankha mlandu.

Nkhani ya chilankhulo imaonetsa bwino kuvuta kwa kuweruza. Mwana wa ku Macanga amakula akulankhula Chinyanja, koma kwa zaka zambiri ankakumana ndi Chipwitikizi tsiku loyamba lenileni la sukulu. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri mu ntchito yotchedwa PEBIMO, pogwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 njirayi inayamba kulowa m'sukulu zina. Kumene siinafike, mayeso a kuwerenga amayeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: luso la mphunzitsi, ndi mtunda umene uli pakati pa chilankhulo cha pakhomo ndi cha m'buku. Kuimba sukulu mlandu popanda kulekanitsa ziwirizi n'kulakwira aphunzitsi amene mwina akugwira ntchito yolemera kuposa anzawo a mumzinda wa Tete.

Komabe chifundo chopanda malire nacho chimapweteka mwana. Fanizo la mkuyu wosabala, la mu Uthenga Wabwino wa Luka mutu 13, limene Akhristu a mipingo yonse m'derali amalidziwa, limagwira mbali zonse ziwiri. Mwini munda wadikira zipatso zaka zitatu ndipo akufuna kuti mtengo udulidwe. Wosamalira munda akupempha chaka chimodzi chokha kuti aukumbire ndi kuuthira manyowa. Sakunena kuti kusabala kulibe kanthu, sakupemphanso nthawi yopanda mapeto. Akudziika yekha pa mlandu, pakuti ntchito ya chaka chimenecho ndi yake. Ambiri otsutsa kutseka sukulu amakumbukira kuleza mtima kwa m'fanizoli n'kuiwala khasu ndi manyowa, amaiwalanso kuti chaka chimatha. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangadikire zaka khumi kuti zinthu zikonzeke. M'mera mpoyamba, ndipo amene wafika kalasi yachisanu osawerenga kawirikawiri sabwereranso m'mbuyo kukatola zimene anaphonya.

Kumene kulibe sukulu ina, chimene chingachotsedwe ndi utsogoleri wolephera, sukulu n'kutsala. Mphunzitsi wamkulu amene sapezeka pantchito achotsedwe pa udindo, osati kungosamutsidwira kumudzi wina wakutali kumene makolo alibe mawu. Mphunzitsi wojomba kawirikawiri adulidwe malipiro monga malamulo a ogwira ntchito m'boma amanenera. Sukulu yoyendetsedwa ndi mpingo kapena bungwe ikalephera, pangano lingathe ndipo ena n'kuitenga, ana osachoka pa mabenchi awo. Pa mfundo iyi njira ya charter ili ndi phunziro labwino: udindo uzikhala ndi nthawi yake younikidwa, ndipo zoyembekezeka zizilembedwa poyera kuyambira pachiyambi.

Zida zochitira zimenezi zilipo kale. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi Conselho de Escola, komiti imene mumakhala makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi oimira mudzi. Kuyambira 2003 boma limatumiza ndalama mwachindunji kusukulu kudzera mu ndondomeko ya Apoio Directo às Escolas, ndipo komitiyi imayenera kuona m'mene zagwiritsidwira ntchito. Sukulu zoyandikana zimasonkhanitsidwa m'magulu otchedwa ZIP kuti aphunzitsi azithandizana ndi kuunikana. Chovuta n'chakuti makolo ambiri, amene nkhondo inawalanda sukulu ali ana, amaopa kufunsa munthu wophunzira, ndipo zikalata zikalembedwa m'Chipwitikizi chokha amangosindikiza chala. Komiti yotere imakhala ndi mphamvu pokhapokha misonkhano ikamachitika m'Chinyanja, ndalama zolandiridwa zikamalembedwa pakhoma pooneka, kaundula wa kubwera kwa aphunzitsi akamawerengedwa pamaso pa mfumu ndi makolo, ndiponso madandaulo opita ku ofesi ya maphunziro ku Furancungo kapena ku Tsangano akamayankhidwa pa tsiku lodziwika.

Lamulo la nambala 18/2018 linakweza maphunziro okakamiza kufika kalasi yachisanu ndi chinayi. Boma likalamula kholo kutumiza mwana kusukulu zaka zonsezi, m'malo moti athandize kumunda wa mbatatesi kapena m'chigafa cha fodya, nalonso limalowa m'ngongole kwa khololo. Kholo lapereka mwana ndi manja amene akanalima. Chimene liyenera kulandira pa kutha kwa kalasi yachitatu ndi mwana wotha kuwerenga kalata, ndipo ngati sizinatero, lili ndi ufulu wodziwa dzina la udindo umene walephera ndi tsiku limene zidzakonzedwe.